Kodi Sukulu ya Mwana Ndi Ngongole?

Kum'mwera kwa mzinda wa Lilongwe, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30, kuli phiri la Bunda, ndipo m'tsinde mwake muli koleji ya zaulimi imene yakhala ikusula akatswiri kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Lero kolejiyo ndiyo likulu la yunivesite ya LUANAR. Mukapitirira pang'ono mufika pa Mitundu, pamene pali msika waukulu, chipatala ndi sukulu ya sekondale. Mwana wa m'midzi ya kumeneko amakula akuiona yunivesite ndi maso ake. Amakumana ndi ophunzira ake pamsika, ndipo atakwera njinga m'mawa akhoza kufika pachipata chake dzuwa lisanatenthe. Komabe kuti alowe pachipatapo ngati wophunzira pamafunika zaka 12 za sukulu, ndipo zinayi zomaliza, za ku sekondale, ndizo zimathyola makolo msana.

M'nyumba za ku Mitundu, ngakhalenso za ku Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, ndalama yooneka imabwera kamodzi pachaka, fodya, mtedza ndi soya zikagulidwa. Kholo likamawerengera mwana ndalama imeneyo m'manja kuti apite nayo kusukulu, kawirikawiri limamutsanzika ndi mawu awa: "Limbikira, mwanawe, udzatiwombole." Mawu omwewa amamveka ku Makanjira, ku Malindi, ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, kumene ndalamayo yachokera ku usipa wapathandala kapena ku thumba la mpunga. Ndi mawu achikondi, ndipo palibe angawanyoze. Koma mkati mwake mwabisala funso loyenera kulisinkhasinkha mofatsa: kodi zimene kholo limataya pa maphunziro a mwana ndi ngongole imene mwanayo adzabweze? Yankho limene tili nalo mumtima limaonekera pa mmene timasankhira mwana woti aphunzire, pa zimene timamuuza akamakalemba mayeso, ndiponso pa nkhope imene timamulandira nayo zotsatira zikatuluka.

Njira yopapatiza

Tiyambe taona njira imene mwanayo akuyendamo. Chiyambire 1994 maphunziro a pulayimale ndi aulere, ndipo makalasi oyambirira amadzaza mpaka ena kuphunzirira pansi pa mtengo. Pamapeto a Sitandade 8 pali mayeso, ndipo mwa okhoza ndi ena okha amene amasankhidwa kupita ku sekondale za boma. Ochepa amapita ku sukulu zogonera komweko. Ambiri, makamaka akumudzi, amapita ku sukulu zoyendera za CDSS, zimene zinayamba mu 1998 boma litasandutsa malo akale a MCDE kukhala masekondale. Zambiri mwa sukuluzi zilibe chipinda choyeseramo za sayansi ndipo mabuku ndi osakwana, koma mayeso a MSCE amene bungwe la MANEB limalembetsa pamapeto a Fomu 4 ndi amodzimodzi kwa onse.

Pa mayesowo phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9, ndipo nambala yochepa ndiyo yabwino. 1 ndi 2 ndi kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Mapointi a mwana amapezeka pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino koposa, n'chifukwa chake wa mapointi 6 dzina lake limamveka pa wailesi. Wofuna malo ku yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti osachepera 6, kuphatikizapo ya Chingerezi, ndipo amapempha malowo kudzera ku bungwe la NCHE. Mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo, MZUNI ku Mzuzu, MUST ku Thyolo ndi LUANAR. Mu 2020 boma linathetsa dongosolo logawa malo potengera boma limene mwana akuchokera. Chaka ndi chaka oyenerera amachuluka kuposa malo, kotero kuti mwana akhoza kulimbikira, kukhoza, kukhala ndi zonse zofunika, koma dzina lake osatuluka. Banja limene latsamiritsa chiyembekezo chake chonse pa khomo lopapatiza chotere lidziwe kuti latsamira pa chinthu chimene mwanayo sangachilamulire yekha.

Kufika pakhomo limenelo n'kodula, ngakhale fizi itachotsedwa yonse. Pali yunifomu, nsapato, makope, sopo ndi nyali. Sukulu ikakhala kutali, pali lendi ya kachipinda pafupi ndi sukuluyo, ufa ndi ndiwo. Teremu ya Januwale imatsegulidwa nkhokwe zitayamba kumveka pansi, pamene ndalama yomweyo ikufunidwanso ndi feteleza. Apo ndi pamene mbuzi imagulitsidwa, mayi amakagwira ganyu m'munda wa eni ake, ndipo bambo amakongola kwa amalonda pamtengo wowawa. Palinso chotayika china chosawerengedwa: manja a mnyamata amene akanapalira m'munda kapena kukoka khoka m'nyanja, ndi a mtsikana amene akanathandiza kudimba.

Amene amati ndi ngongole

Amene amati zonsezi ndi ngongole ali ndi mfundo, ndipo tisawapeputse. Mlimi wa ku Nathenje alibe penshoni, msodzi wa ku Makanjira alibe inshuwalansi. Mphamvu zikadzatha, chodzatsamira ndi ana. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo munthu angaike kuti kwabwino kuposa mwa mwana wake? Palinso chilungamo cha pakati pa abale. Pamene mmodzi anali m'kalasi, mlongo wake anali kumunda, mng'ono wake anadikira chaka chathunthu chifukwa ndalama sinakwanire awiri, ndipo amalume anagulitsa njinga. Wophunzirayo akadzayamba ntchito n'kuwaiwala onsewa, mudzi wonse udzati walakwa, ndipo udzakhala ukunena zoona. Chipembedzo chathu nachonso chimaika kuchitira zabwino makolo pamalo apamwamba zedi, makamaka akakalamba. Kodi zonsezi sizikusonyeza kuti mwanayo ali ndi chobweza?

Zikusonyeza kuti ali ndi udindo, ndipo udindo umasiyana ndi ngongole. Ngongole yeniyeni ya maphunziro ilipo m'dziko muno, imene imaperekedwa ndi bungwe la boma lokongoza ophunzira a m'makoleji, lokhazikitsidwa mu 2015. Wokongola kumeneko amasaina yekha, amadziwa kuchuluka kwa ndalama ndi nthawi yoyamba kubweza, ndipo akamaliza kubweza, iye ndi bungwelo asiyana. Yerekezani ndi mwana wa zaka 14 amene akuyamba Fomu 1. Sanapemphe kubadwa, sanasaine pepala lililonse, ndipo mtengo wake saudziwa. Ndi kholo liti limene lingavomere kuti mwana awerengere fizi yonse, aibweze, kenako anene kuti, "Amayi, tathana"? Ngati mawu amenewa akutinyansa, ndiye kuti mumtima timadziwa kale kuti za pakati pa kholo ndi mwana sizilembedwa m'buku la malonda.

Pali maudindo awiri oyang'anizana, ndipo umodzi sugula unzake. Kholo limaphunzitsa mwana chifukwa mwanayo ndi amana, chinthu chimene Mulungu analisungitsa ndipo adzalifunsa mmene linachisungira. Wosungitsidwa katundu amamusamala podziwa kuti mwiniwake adzabwera kudzamuona, kaya wosungayo apindulapo kaya ayi. Mwana naye amasamala makolo chifukwa ndi makolo ake, kaya anamuphunzitsa mpaka digiri kaya inawavuta fizi ya Fomu 1 yomwe. Mwana amene sanaponde m'kalasi udindo umenewu ali nawo wonse, ndipo kholo la mwana amene sanapeze ntchito silinavutike pachabe, pakuti linachita zimene linayenera kuchita.

Zipatso za maganizo a ngongole

Wina anganene kuti uku n'kusewera ndi mawu chabe, popeza mwana wabwino adzathandizabe kwawo, kaya tiutcha udindo kaya ngongole. Koma kusiyanaku kumaonekera m'zochita, mwanayo asanayambe n'komwe ntchito.

Choyamba, wokongoza amasankha yemwe akuoneka kuti adzabweza. Ndalama ikachepa, diso limagwa pa mwana wamwamuna wanzeru, ndipo mtsikana amauzidwa kuti iye adzakwatiwa. Mwana wogwira zinthu pang'onopang'ono amasiyidwa pa Fomu 2 ngati munda wosabereka. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti pasakhale ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo chiyambire 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Malamulo anatsegula khomo, koma masamu a m'nyumba amalitsekanso. Kholo limene limaona mwana ngati chosungitsidwa lingalephere kulipirira onse nthawi imodzi, ndipo limenelo si tchimo, koma limakhala pansi ndi ana onse, kuwafotokozera, ndi kukonza kuti wodikira nthawi yake idzafike. Silimuuza mwana kuti iye ndi wosapindulitsa.

Chachiwiri, wangongole amene akuopa kulephera kubweza amafuna njira yachidule. Mwana amene wauzidwa kwa zaka zinayi kuti moyo wa banja lonse uli pa mapointi ake, likasa likamudutsa pafupi amavutika kulikana, ndipo makolo ena afika pomupatsa okha ndalama yogulira mapepala obedwa. Dziko linaona mapeto ake mu Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ophunzira onse analembanso mu Januwale 2021. Amene analimbikira moona analangidwa pamodzi ndi akuba, ndipo makolo awo anafunanso ufa ndi lendi ya miyezi ina. Satifiketi yopezedwa mwachinyengo imalowetsa munthu pa ntchito imene saidziwa, ndipo malipiro a ntchitoyo ndiwo adzagule nsima ya makolo omwewo. Ndani mwa ife angafune kudya nsima yotero?

Chachitatu, wokongoza amafuna kulamula kumene ndalama yake ipite. Nthawi yodzaza fomu ya NCHE ikafika, bambo amati mwana alembe udokotala kapena zamalamulo chifukwa ndi kumene kuli ndalama ndi ulemu. Koma maphunziro amenewa amalimbiranidwa ndi a mapointi otsika kwambiri, ndipo udokotala umafuna kukhoza bwino masamu ndi maphunziro a sayansi. Mwana wa makirediti abwino akalemba zokhazo zimene bambo akufuna, akhoza kutsala pomwe malo ena anali omuyenera. Mwana wa msodzi amene amadziwa chambo ndi kampango kuyambira ali wamng'ono akhoza kukaphunzira za nsomba ku Bunda komweko, ndipo nyanja yathu, imene chambo chake chikunka chichepa, ikusowa anthu otere. Kholo lipereke uphungu, pakuti laona zambiri. Koma wodzadzuka m'mawa uliwonse kwa zaka makumi atatu kupita ku ntchitoyo ndi mwanayo.

Chachinayi ndicho chowawa koposa. Zotsatira zikatuluka ndipo dzina lasowa, mwana amene amadziona ngati wangongole amabwera pakhomo ngati wakuba. Amamva mawu akuti "mbuzi yathu inapita pachabe," ndipo mawu amenewo saiwalika. Ena amathawira ku tauni osatsanzika, anyamata a kunyanja amakwera basi ya ku Johannesburg, atsikana ena amavomera mwamuna woyamba kufunsira, ndipo ena amangokhala zii m'nyumba, mtima utasweka. Banjalo linkafuna kupeza mthandizi, koma lataya ndi mwana yemwe.

Chimene kholo lingapereke

Makolo ambiri a ku Mitundu ndi a kunyanja sanafike Fomu 4, ndipo amaganiza kuti mbali yawo ithera pa ndalama. Koma zambiri zimene mwana wa sekondale amasowa sizifuna satifiketi. Choyamba ndi nthawi. Mtsikana amene wachokera kusukulu n'kukatunga madzi, kukatola nkhuni, kuphika ndi kutsuka mbale, amatsegula buku maso atalemera, pomwe mlongo wake wakhala akuwerenga chichokereni kusukulu. Kugawa ntchito za pakhomo mwachilungamo ndi mphatso imene sifuna tambala. Chimodzimodzi mnyamata amene wachezera usiku wonse pa ngalawa sangamve masamu m'mawa mwake. Kanyale ka dzuwa, phala la m'mamawa ndi ola limodzi lachete madzulo zimakweza mapointi kuposa kukalipa.

Chachiwiri ndi phazi. Mwana amene akuchita lendi pafupi ndi sukulu ali yekha pa msinkhu woopsa, ndipo ufa ukatha pamakhala anthu okonzeka kumuthandiza pamtengo woipa. Kholo likamafika mosayembekezeka, kudziwana ndi mwini nyumba, ndi kupezeka pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, mwanayo amadziwa kuti ali ndi mwini. Pakati pa Achewa ndi Ayao amalume ali ndi mawu pa ana a mlongo wawo. Mawuwo amveke pa za sukulu monga amamvekera pa za ukwati.

Chachitatu ndi funso lofunsidwa pa nthawi yake. Kukonzekera yunivesite kumayamba pamene mwana akusankha maphunziro olowa nawo Fomu 3, chifukwa amene wasiya sayansi pamenepo wadzitsekera makomo amene sadzatseguka pa tsiku lodzaza fomu. Kholo losadziwa kuwerenga likhoza kupita kwa mphunzitsi ndi kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mwanayu akufuna unamwino, kodi maphunziro amene watengawa amufikitsa?" Likhozanso kufunsa za Chingerezi chake, popeza wopanda kirediti ya Chingerezi salowa ngakhale atakhoza zina zonse. Kufunsa n'kudziwa njira.

Chachinayi ndi choonadi. Mwana wa zaka 17 akhoza kumva kuti chaka chino fodya sanagulidwe bwino, ndipo n'kwabwino kumuuza mmene thumba lilili kusiyana ndi kumulonjeza zosatheka. Auzidwenso msanga kuti njira zilipo zingapo. Kuli makoleji a uphunzitsi monga Domasi ndi Nalikule, makoleji a zaumoyo, sukulu za ntchito zamanja monga za ku Namitete, Lilongwe ndi Salima, ndi koleji ya zausodzi ku Mpwepwe m'boma la Mangochi. Amene mapointi sanamukomere akhoza kubwereza Fomu 4. Mwana amene akudziwa kuti kuseri kwa khomo limodzi kuli makomo ena amalowa m'chipinda cha mayeso mtima uli m'malo, ndipo mtima wokhazikika ndiwo umakumbukira zimene unawerenga.

Kugwira ndi kumasula

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mbiri yathu pa nkhani imeneyi. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za amishoni, ndipo agogo athu ambiri ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota sanatumize ana awo poopa kuti akasiya chipembedzo ndi dzina lomwe. Mantha awo anali ndi maziko, ndipo ankateteza chinthu chamtengo wapatali. Koma madera athu anatsalira pa maphunziro kwa mibadwo ingapo. Lero mantha omwewo amabwera m'chovala china: kuti mwana akapita ku Zomba kapena ku Mzuzu adzabwera mlendo, wonyoza mudzi ndi swala yomwe. Mankhwala ake ndi kumukonzekeretsa akadali pakhomo, pa madrasa, pa mphasa ya chakudya chamadzulo, ndi pa chitsanzo cha mmene bambo amayezera nsomba za wogula ndi mmene mayi amalankhulira za anansi. Wosunga chosungitsidwa amadziwa kuti tsiku lochipereka lidzafika, ndipo amachikonza kuti chidzachoke m'manja mwake chili bwino.

Kwa inu achinyamata amene mwawerenga kufika pano, musaganize kuti mwamasulidwa. Kunena kuti mulibe ngongole kukutanthauza kuti chimene muli nacho sichidzatha ndi kubweza. Thukuta la amayi anu m'munda wa eni ake ndi usiku wa abambo anu panyanja muzilemekeze powerenga mwakhama lero, ndipo mawa posamala iwo ndi abale anu amene anakudikirirani, kaya mudzakhala ndi zambiri kaya zochepa.

Kwa ife makolo, mayeso athu amabwera tsiku limene zotsatira za ana zatuluka. Ngati mwana wakhoza, tithokoze Mulungu, ndipo tisayambe kumuwerengera malata ndi feteleza asanapondeko n'komwe ku koleji. Ngati walephera, adye kaye, agone, ndipo m'mawa mwake tikhale naye pansi ndi kufunsana za njira ina. Mawu amene ayenera kuwamva, ngakhale asanakalembe mayesowo, ndi akuti: "Chita mbali yako moona mtima, mwanawe. Zikayenda tidzasangalala nawe, zikavuta pakhomo pano m'pako." Mwana amene analeredwa ndi mawu otere, akadzapeza kanthu, sadzafunika kukumbutsidwa njira ya kwawo.